Laputopu Ikakana Kuona Wi-Fi ya Pagulu

Masiku ano mnyamata kapena mtsikana amene wangomaliza maphunziro a sekondale sangafike patali popanda intaneti. Mafomu ofunsira malo m'sukulu za ukachenjede amadzazidwa pa intaneti, mipata yambiri ya ntchito imalengezedwa momwemo, ndipo mphunzitsi wofuna mabuku atsopano kapena maphunziro oonjezera amadzera njira yomweyo. Popeza mtengo wa bandulo ndi wolemetsa kwa munthu amene sadayambe kulandira malipiro, ambiri amadalira Wi-Fi ya pagulu, imene imapezeka m'makoleji, m'malaibulale ena, m'mahotela ndi m'mabwalo a ndege. Ntchito ya Digital Malawi, imene World Bank idavomereza kuipatsa ndalama m'chaka cha 2017, idaonjezera malo otere pokhazikitsa Wi-Fi yaulere m'sukulu ndi m'zipatala zina za boma.

Komabe pali dandaulo limodzi limene limamveka kawirikawiri m'malo amenewa. Munthu amalipira minibasi ndi ndalama yobwereka, amafika, amatsegula laputopu yake, koma dzina la Wi-Fi ya pamalopo silioneka, chikhalirecho anzake amene akhala pa benchi lomwelo akugwira ntchito zao bwinobwino. Tsiku lotsekera mafomu likakhala pafupi, mtima umathamanga, ndipo ambiri amafulumira kugamula kuti laputopu yafa. Ena amaipereka kwa wokonza amene njira yake ndi imodzi yokha, kufufuta zonse ndi kuikamo Windows mwatsopano, kotero kuti makalata, zithunzi za satifiketi ndi mapulani a maphunziro a chaka chonse zimapita pamodzi ndi ndalama yolipirira. Ena amaigulitsa motchipa kwa munthu amene amakaikonza m'mphindi zisanu.

Kunena zoona, vuto limeneli nthawi zambiri ndi laling'ono, ndipo limapezeka mosavuta munthu akamafufuza mwa dongosolo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphunzitsi aliyense ndi wophunzira aliyense amene ali ndi laputopu ayenera kudziwa dongosolo limeneli monga momwe mwini njinga amadziwira kumata chubu.

Poyamba n'kofunika kumvetsa mmene Wi-Fi imagwirira ntchito, pakuti Wi-Fi ndi wailesi basi. Pamalo pamene pali Wi-Fi ya pagulu pamakhala kabokosi kotchedwa router, kamene kamaulutsa dzina lake pa mafunde a wailesi pafupifupi kakhumi pa sekondi iliyonse. M'kati mwa laputopu muli kachipangizo kolandirira mafundewo, kamene amisiri amakatcha khadi la Wi-Fi, ndipo pa khadilo pamachoka timawaya topyapyala ta eriyo, kawirikawiri tiwiri, timene timadutsa m'mahinjesi ndi kukwera kuseri kwa sikirini. Pakati pa khadilo ndi Windows pali pulogalamu yaing'ono yotchedwa driver, imene ntchito yake ili ngati ya womasulira pabwalo la milandu, pakuti popanda iyo mbali ziwirizi sizimvana. Tsono dzina la Wi-Fi limaoneka pokhapokha router ikuulutsa, khadi layatsidwa, eriyo ndi yolumikizika ndiponso driver ikugwira ntchito yake. Chimodzi mwa zinayizi chikalephera, mndandanda wa maina umakhala wopereweza kapena wopanda kanthu.

Funso loyamba kulifunsa ndi lakuti: kodi chadwala ndi laputopu kapena Wi-Fi ya pamalopo? Yankho lake lili m'thumba mwa pafupifupi munthu aliyense. Ngati foni yam'manja ikuona dzina la Wi-Fi imeneyo pamalo pomwe munthuyo wakhala, ndiye kuti router ikuulutsa ndipo vuto lili ku laputopu. Ngati nayonso foni sikuliona, mwina magetsi azima, mwina router yazimitsidwa, kapenanso munthuyo wakhala patali kwambiri, ndipo chofunika ndi kusendera pafupi kapena kufunsa woyang'anira malowo. Pambuyo pake munthu atsegule hotspot ya pa foni yake, aiike pafupi ndi laputopu, naone ngati dzina la foniyo lioneka. Kuyesa kumeneku sikudya bandulo, chifukwa cholinga chake ndi kuona dzina lokha. Zotsatira zake zimagawa vutoli patatu: laputopu imene siona netiweki iliyonse, laputopu imene imaona ena koma osaona wofunikayo, ndi laputopu imene imaona ndi kulumikiza koma masamba osatseguka. Matenda atatuwa ali ndi mankhwala osiyana, ndipo kuwasokoneza ndiko kumene kumataitsa anthu nthawi ndi ndalama.

Laputopu imene siona netiweki ngakhale imodzi, ngakhale hotspot ya foni imene ili pambali pake, nthawi zambiri imakhala kuti wailesi yake yazimitsidwa. Malaputopu ambiri akale, monga ena a mtundu wa Dell Latitude ndi ThinkPad amene amagulitsidwa ogwiritsidwa kale ntchito, ali ndi kaswitchi kakang'ono m'mbali kapena kutsogolo, kamene kamatha kusuntha kokha laputopu ikamalowetsedwa m'chikwama. Ena amazimitsa ndi kuyatsa Wi-Fi podina batani la Fn pamodzi ndi limodzi mwa mabatani a mzere wapamwamba, limene pamakhala chithunzi cha mlongoti kapena cha ndege, ndipo mwana wosewera ndi kiyibodi angathe kulidina mwini wake osadziwa. Kuyambira pa Windows 8, imene idatuluka mu 2012, mulinso Airplane mode, imene imatseka mawailesi onse a m'makinawo kamodzin'kamodzi. Chithunzi cha kandege chikaoneka pansi pa sikirini ku dzanja lamanja, vuto lapezeka.

Izi zikakhala kuti zili bwino, munthu ayambitsenso laputopuyo posankha Restart. Pali kusiyana pakati pa Restart ndi Shut down kumene ambiri sakudziwa. Pofuna kuti makina aziyaka msanga, Windows ya masiku ano ikazimitsidwa ndi Shut down imasunga mmene madriver adaliri, kotero kuti driver imene idasokonezeka dzulo imadzuka ili yosokonezeka ndithu, pamene Restart imayambitsa zonse mwatsopano.

Kenaka ndi pofunika kutsegula Device Manager ndi kuyang'ana pa mutu wakuti Network adapters. Pamenepo payenera kuoneka dzina lokhala ndi mau akuti Wireless, Wi-Fi, WLAN kapena nambala 802.11. Dzinalo likakhala ndi kamuvi koloza pansi, khadi lidatsekedwa ndipo lingofunika kulitsegula posankha Enable. Likakhala ndi kachizindikiro kachikasu ka makona atatu, driver yake ndi yolakwika kapena yoonongeka. Dzinalo likasoweratu, koma pansi pa Other devices pali chinthu chosadziwika chotchedwa Network Controller, ndiye kuti driver palibe, zimene zimachitika kawirikawiri pa malaputopu amene wogulitsa adaikamo Windows mothamanga. Driver yoyenera imapezeka kwaulere pa tsamba la kampani imene idapanga laputopuyo, munthu akalemba nambala ya mtundu wake imene imakhala pa kapepala kapansi pa makinawo. Funso lakuti munthu angaitenge bwanji alibe intaneti lili ndi yankho lapafupi: foni italumikizidwa ku laputopu ndi chingwe chake chotchajira, ndipo pa foniyo patatsegulidwa USB tethering, laputopu imalandira intaneti popanda Wi-Fi. Mwinanso driver ingatengedwe pa kompyuta ya mnzake ndi kuinyamula pa flash.

Pali zinthu zina ziwiri za m'kati mwa Windows zoyenera kuziona. Choyamba ndi ntchito yotchedwa WLAN AutoConfig, imene imapezeka pa mndandanda wa Services. Imeneyi ndiyo imafufuza manetiweki, ndipo ikaima, Windows siionetsa dzina lililonse ngakhale khadi lili lamoyo. Iyenera kukhala yoyatsidwa ndiponso yoikidwa pa Automatic. Chachiwiri ndi Network reset, imene ili mu Windows 10 kuyambira mu 2016 ndiponso mu Windows 11. Imeneyi imachotsa ndi kubwezeretsa makonzedwe onse a netiweki popanda kukhudza makalata kapena zithunzi za munthu. Chimene chimatayika ndi mapasiwedi a Wi-Fi amene adasungidwa, choncho ndi bwino kuwalemba kaye m'kope.

Nthawi zina laputopu imaona hotspot ya foni imene yagundana nayo, koma ikasunthidwa mapazi ochepa dzinalo limazimirira. Chizindikiro chotere chimaloza ku eriyo. Timawaya tija timatha kuduka m'mahinjesi chifukwa cha kutsegula ndi kutseka kwa zaka zambiri, kapena mmisiri amene adasintha sikirini adaiwala kutibwezera pa khadi. Apa mpamene mmisiri amafunikadi, ndipo mwini laputopu amapita kwa iye akudziwa chimene akukapempha.

Mtundu wachiwiri wa vutoli ndiwo umazunguza mitu kwambiri, pakuti laputopu imaonetsa maina ena asanu kapena khumi koma la pamalopo lokha osaoneka. Amene adakula ndi mawailesi akale a mabatire adzakumbukira kuti wailesi yokhala ndi Medium Wave ndi Short Wave zokha sinkatha kugwira nyumba youlutsira mau ya pa FM, ngakhale mwini wake akadapotokola kangati. Wailesiyo sinali yoonongeka, idangopangidwa isanafike nthawi ya mafunde atsopanowo. N'chimodzimodzi ndi Wi-Fi. Malamulo oyamba a Wi-Fi, otchedwa 802.11, adakhazikitsidwa ndi bungwe la IEEE mu 1997. Mu 1999 mudatuluka 802.11b ya pa mafunde a 2.4 GHz ndi 802.11a ya pa mafunde a 5 GHz. Mu 2003 mudabwera 802.11g, nayonso ya pa 2.4 GHz, ndipo mu 2009 mudabwera 802.11n, imene ingathe kugwira ntchito pa mafunde onse awiri, ngakhale kuti makadi ambiri otchipa a nthawi imeneyo adapangidwa ogwira 2.4 GHz yokha. Tsono 802.11ac ya mu 2013 imayenda pa 5 GHz pokha, ndipo kuyambira mu 2020 maiko ena adatsegulanso mafunde a 6 GHz. Router ya pagulu ikaikidwa kuti iziulutsa pa 5 GHz pokha, laputopu yokhala ndi khadi la 2.4 GHz siingaione mpang'ono pomwe, pamene foni yatsopano ya munthu yemweyo ikuiona bwinobwino.

Kudziwa mafunde amene khadi limagwira sikufuna kumasula makina. Munthu atsegule Command Prompt, alembe mau akuti netsh wlan show drivers, nayang'ane mzere wakuti Radio types supported. Pakaoneka 802.11b, 802.11g ndi 802.11n zokha, khadilo mwachidziwikire ndi la 2.4 GHz. Pakaonekanso 802.11a kapena 802.11ac, khadilo limagwira 5 GHz. Ndi bwinonso kudziwa kuti mafunde a 5 GHz, ngakhale ndi othamanga, safika patali ndipo amafooka msanga akakumana ndi makoma a njerwa, kotero kuti munthu amene wakhala pansi pa mtengo kunja kwa laibulale angalephere kuwaona pamene amene ali m'kati akuwaona.

Chifukwa china chimakhudza dziko limene laputopu idachokera. Mafunde a 2.4 GHz adagawidwa m'matchanelo. Ku United States zipangizo zimagwiritsa ntchito tchanelo 1 mpaka 11, pamene ku Ulaya ndi m'maiko ambiri a mu Africa zimafika pa tchanelo 13. Router ikadzisankhira yokha tchanelo 12 kapena 13, laputopu imene idapangidwira msika wa ku America ingathe kulephera kuiona, ndipo mawa lake router ikasamukira pa tchanelo 6 dzina lionekanso ngati palibe chidachitika. Popeza malaputopu ambiri ogwiritsidwa kale ntchito amachokera maiko osiyanasiyana, vuto looneka lero ndi kusowa mawa siliyenera kudabwitsa.

Palinso nkhani ya madriver akale. Marouter a Wi-Fi 6 atayamba kufala cha mu 2019, zidapezeka kuti makadi ena akale a Intel, monga Wireless-AC 7260 ndi 3160, sankaonetsa maina a marouter atsopanowa pokhapokha driver yao itasinthidwa, ndipo kampaniyo idalangiza anthu kuti atenge madriver atsopano. Potsiriza, eni malo ena amabisa dala dzina la Wi-Fi yao, ndipo munthu amayenera kulilemba yekha molondola, chilembo chachikulu pamalo pake ndi chaching'ono pamalo pake. Njira yapafupi yodziwira dzina lotere ndi kufunsa, ndipo safunsa adadya phula.

Mtundu wachitatu ndi wa laputopu imene yaona dzina, yalumikiza, koma masamba sakutseguka. Wi-Fi yambiri ya pagulu ili ndi khomo lolowera, tsamba limene limapempha munthu kuvomereza malamulo a pamalopo, kulemba nambala ya foni kapena nambala ya pa kapepala kamene wapatsidwa. Tsambali likapanda kutuluka lokha, munthu atsegule browser ndi kuyesa tsamba lililonse, kapena achotse netiwekiyo posankha Forget ndi kulumikizanso. Pulogalamu ya VPN ikakhala yoyatsidwa imatha kutsekereza khomoli. Ayang'anenso tsiku ndi nthawi ya pa laputopu, pakuti m'makina akale kabatire kakang'ono kosunga wotchi kamatha mphamvu, ndipo laputopu imene ikuganiza kuti chaka chino ndi 2012 imakana masamba otetezedwa poyesa kuti zikalata zao n'zabodza.

Zonsezi zikayesedwa ndipo kwapezeka kuti khadi lidafa kapena ndi la mafunde akale, laputopu siyenera kutayidwa. Pali kachipangizo ka Wi-Fi kolowetsa pa USB, kakang'ono ngati chala, kamene mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa laputopu ina. Wogula aonetsetse kuti pa paketi palembedwa kuti kamagwira 2.4 GHz ndi 5 GHz, ndipo akayese m'sitolo momwemo asanapereke ndalama. Amene aganiza zopita kwa mmisiri ayambe wakopera makalata ake onse pa flash, ndipo amuuze momveka kuti asafufute chilichonse asanafunse mwini wake.

Chenjezo limodzi siliyenera kuiwalika. Munthu amene wathedwa nzeru posaona Wi-Fi imene akuifuna amakopeka kulumikiza ku dzina lililonse lotseguka limene laoneka. Akuba amadziwa zimenezi, ndipo n'kosavuta kwa iwo kutsegula hotspot yokhala ndi dzina lofanana ndi la hotela kapena koleji, ndi kuika tsamba lopempha pasiwedi ya imelo kapena nambala yachinsinsi ya ku banki. Wi-Fi yoona ya pagulu ilibe chifukwa chofunsira zinthu zotere. Dzina lenileni litsimikizidwe kwa ogwira ntchito pamalopo, ndipo nkhani za ndalama ndi bwino kuzichitira pa bandulo ya foni ya mwini wake.

Komabe sichilungamo kusenzetsa katundu yense mwini laputopu. Akuluakulu a sukulu, makoleji ndi malaibulale amene amapereka Wi-Fi ayenera kukumbukira kuti anthu amene amaifuna kwambiri ndiwo amene ali ndi makina akale kwambiri. Mwana wa munthu wolemera ali ndi laputopu yatsopano ndi bandulo yake, pamene mwana wa mlimi amabwera ndi makina a zaka khumi amene adasiyiridwa ndi amalume ake. Router youlutsa pa 5 GHz pokha imatsekera kunja mwana wachiwiriyu popanda wina kuzindikira, chifukwa mmisiri amene adaiika adaiyesa ndi foni yake yatsopano naona kuti zonse zili bwino. Kukonza zimenezi sikufuna ndalama. Mafunde a 2.4 GHz akhale otsegula pamodzi ndi a 5 GHz, tchanelo chikhale 1, 6 kapena 11, zimene zipangizo za maiko onse zimaziona ndiponso sizisokonezana, dzina lisabisidwe, ndipo pakhoma pakhomedwe chikwangwani chonena dzina lenileni la Wi-Fi, kalowedwe kake ndi munthu woti afunsidwe zikavuta. Ntchito yoika Wi-Fi isalandiridwe ngati yatha isanayesedwe ndi laputopu yakale.

Aphunzitsi nawonso ali ndi gawo lao. Phunziro la Computer Studies limalembedwa pa mayeso a MSCE, koma wophunzira angathe kukhoza bwino mayesowo asanatsegulepo Device Manager ngakhale kamodzi. Mphunzitsi wokhala ndi laputopu imodzi ndi foni imodzi angathe kuzimitsa dala Wi-Fi mwa njira zosiyanasiyana ndi kuuza ophunzira, m'magulu, kuti apeze chimene chalakwika ndi kulemba mmene achipezera. Phunziro lotere limaphunzitsa zoposa kompyuta, pakuti kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kuona zotsatira zake ndi kuzilemba ndiwo maziko a sayansi yonse. Wophunzira amene wazolowera kufufuza motere adzachita chimodzimodzi pa pampu ya madzi, pa injini ya chigayo ndi pa mabuku a ndalama.

Amene akukonzekera kugula laputopu yogwiritsidwa kale ntchito achite mayeso aja asanalipire: atsegule hotspot ya foni, aone ngati dzina likuoneka ali chapatali pang'ono, nayang'ane mafunde amene khadi limagwira. Akumbukirenso kuti Microsoft idasiya kuthandiza Windows 7 mu Januwale 2020 ndipo chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 chidatha pa 14 Okutobala 2025, choncho makina osatha kunyamula Windows 11 amafuna kusamala kwambiri akamalumikizidwa pa Wi-Fi ya anthu ambiri. Ndipo amene ali ndi fomu yoti atumize asadikire tsiku lomaliza. Apite kukayesa Wi-Fi ya pamalopo kudakali sabata yathunthu, atatenga foni, chingwe chake ndi flash yokhala ndi makalata onse, kuti laputopu ikakana tsiku loyamba pakhale masiku ena asanu ndi limodzi oifufuzira.